Dzalani kapinga pabwalo, dothi lisamathere kumsewu

Mukamayenda m'midzi ya kuno kwathu, kaya ndi ku Bembeke, ku Linthipe, ku Lizulu kapena ku Tsangano uko, tamayang'anani kunsi kwa nyumba za anthu. Nyumba zambiri fandeshoni ili poyera, njerwa zomwe amisiri anakwirira pansi zikuoneka, sitepe ya pakhomo yomwe mwana ankakwera yekha pano mpaka aikepo mwala wina woponda, mizu ya mango nayo yonse ili pamtunda. Nyumba sinakwere ayi, bwalo ndi lomwe latsika. Timasesa m'mawa uliwonse mpaka pansi kuchita mbee, tsache likuchotsa kadothi pang'onopang'ono, nde ikabwera mvula ya Januwale ija madzi ochoka pa malata amapeza dothi lili lamaliseche n'kulitenga lonse ulendo wa kumsewu. Ndipo kuno ndi kumapiri abale, Dedza boma penipeni pali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, nyumba zambiri tinamanga pamalo otsetsereka, madzi sayenda pang'onopang'ono.

Tawerengerani nokha. Mvula ya mamilimita 25 ikagwa pa denga la mamita 8 m'litali ndi 5 m'lifupi, amenewo ndi madzi okwana malita 1,000, migolo isanu ya malita 200 ija, ndipo onsewo akugwera pa kamzere kamodzi m'mbali mwa khonde. Ine maganizo anga ndi akuti mbali yaikulu ya bwalo tiziyiphimba ndi kapinga. Safuna ndalama, mbewu yake ili paliponse, ukadzala kamodzi amakhala zaka ndi zaka, chilimwe amauma pamwamba pokha koma pansi ali moyo, mvula yoyamba ikangogwa pakatha sabata wayamba kale kubiriwira. Fumbi la Okutobala limachepa, matope a Febuluwale salowa m'nyumba, ana amakhala pansi osada kwambiri.

Koma ndinene msanga, chifukwa ndikudziwa alimi ena akuwerenga pano akupukusa kale mutu. Kapinga yemweyu m'munda wa chimanga kapena wa mbatatesi ndi mdani woopsa, aliyense amene anapalirako munda wolowa kapinga amadziwa mmene msana umawawira. Chomwe chimamupangitsa kukhala wovuta m'munda ndi chomwecho chimamupangitsa kukhala wabwino pabwalo. Amayenda njira ziwiri, timitsitsi tina timayanga pamwamba pa dothi ndipo pa mfundo iliyonse timamera mizu, tina toyera tolimba timayenda pansi osaoneka n'kukatulukira kutsogolo. Mizu yake yambiri imakhala mu masentimita 60 apamwamba koma pa dothi lofewa ina imatsika kupitirira mita, nchifukwa chake ng'amba siimupha wamba. Kachidutswa kalikonse kokhala ndi mfundo kakagwera pa chinyezi kamamera. Nde ntchito yoyamba musanagwire n'komwe khasu, muyenera kudziwa pomwe kapingayo adzathere.

Yambani ndi kuyenda pabwalo lanu ndi kamtengo, muzijambula pansi. Pali malo omwe simuyenera kudzalapo. Poyanika mphale ndi ufa, pomenya nyemba kapena soya, posonkha moto wapanja, pamenepo pasiyeni pakhale pouma pozira bwino monga mwa kale, amayi asadzavutike. M'mbali mwa khoma siyani mpata wa theka la mita, muikepo miyala kapena timiyala ta kwale, kuti chinyezi chisamakhale pa khoma komanso kuti chiswe chikayamba kumanga njira zake muzichiona msanga. Nkhokwe nayo isazunguliridwe ndi udzu mpaka m'miyendo. Pansi pa mango, pa mapeyala kapena pa mtengo uliwonse wa mthunzi wambiri musadzivutitse, kapinga amafuna dzuwa la tsiku lonse kapena maola osachepera 6, pamthunzi amaonda n'kumatalika ngati akudwala kenako amatha yekha. Pamenepo ndibwino kungosiya masamba ogwa aja aziphimba pansi. Ngati muli ndi timitengo ta zipatso tating'ono, mapichesi aja amachita bwino kuno, malalanje, magwafa, siyani bwalo la mita imodzi kuzungulira tsinde lopanda kapinga, chifukwa amalanda madzi ndi chakudya kamtengo kamangokhala pomwepo osakula. Ndipo chachikulu, kumbali komwe kuli kadimba ka masamba kapena komwe bwalo lagundana ndi munda, kumeneko ndiye kofunika malire enieni.

Malirewo pangani chonchi. Kumbani kangalande kozama masentimita 25 mpaka 30, kutambalala kwake khasu limodzi basi. Ngati muli ndi njerwa zootcha zotsala, olo zobenthuka, ziimikeni chotalika m'ngalandemo mothithikana ndipo mutu wake uzioneka pang'ono pamwamba. Malata akale odulidwa amagwiranso ntchito koma mupinde m'mphepete mwake asadzacheke ana. Ngati mulibe chilichonse kangalandeko kasiyeni kotseguka, muzingokapala ndi khasu kawirikawiri nyengo ya mvula. Kunja kwa malirewo siyaninso kanjira kopanda kanthu ka mita imodzi musanafike pa bedi loyamba la masamba, kuti mtsitsi ukadumpha muzitha kuuona usanakhazikike. Ngati mwagundana malire ndi munda wa eni ake, kambiranani kaye, osangodzala, anthu amadana chifukwa cha zinthu ngati zimenezi.

Mukatha apo konzani kaye nkhani ya madzi, chifukwa mukadzala pamalo pomwe madzi amathamanga mbewu yanu yonse mudzakaipeza kumunsi. Mvula ikamagwa tulukani ndi ambulera muone komwe madzi akuchokera ndi komwe akulowera, zimenezi simungazidziwe mutakhala m'nyumba. Pomwe madzi a denga amagwera yalani miyala, kapena ngati mungakwanitse gatala ndi mgolo ndiye bwino kwambiri madziwo mudzawafuna. Ngati kumtunda kwa nyumba kuli munda kapena msewu womwe umatsanulira madzi kwa inu, kumbani ngalande yopingasa yowapatutsa, koma osakawataya pa khomo pa mnzanu. Pamalo potsetsereka kwambiri, ngati mbali za ku Khwekhwelere kapena m'mapiri a ku Njolomole, kapinga yekha sangakwanitse chaka choyamba. Pamenepo dulani malowo ndi mizere yopingasa ya udzu wa vetiva, mapesi ake motalikirana masentimita 10 mpaka 15, kapingayo adzalidwe pakati pa mizereyo. Alangizi a ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA) amadziwa kuyeza akalozera ndipo nthawi zambiri amadziwanso yemwe ali ndi vetiva m'deralo, afunseni. Kachigwembe komwe kayamba kale kaikeni miyala yopingasa motalikirana, dothi likayamba kudikha kuseri kwa miyalayo mpomwe mudzalepo.

Tsopano dothi. Bwalo loseseredwa zaka zambiri limakhala louma gwa, dothi lakuda lija linapita kalekale kwatsala katondo wofiira wolimba, ukathira madzi amangoyenderera. Ntchito yogaula yambani mvula zoyamba zikafewetsa pansi, chakumapeto kwa Novembala, apo ayi muthyola khasu pachabe. Gaulani mozama masentimita 15 mpaka 20, phwanyani zibuma, tolani miyala, magalasi, mapulasitiki, mabatire akale ndi zina zonse zomwe zimakwiririka pakhomo. Kenako manyowa. Ndowa imodzi ya malita 20 ya manyowa owola bwino pa malo a mamita 2 mbali zonse ndi poyambira pabwino, ngati muli nawo ambiri onjezerani. Akhale owola ndithu, a khola la mbuzi kapena ng'ombe omwe akhalitsa, kapena kompositi. Ndowe zaziwisi zimabwera ndi njere za udzu wamitundumitundu ndipo zitosi za nkhuku zosawola zimaotcha. Sakanizani ndi dothi, salazani ndi leki, bwalo lipendekeke pang'ono kuchoka ku nyumba kuti madzi asamabwerere ku khoma.

Mukasalaza musathamangire kudzala. Dikirani sabata ziwiri mvula igwepo, muona chisoso, bonongwe, khovani ndi anzawo atamera yiii, apaleni onse adakali ang'ono ndi khasu mosazamitsa. Apa mwadzichepetsera ntchito ya mwezi wathunthu kutsogoloku. Wovuta ndi dawe. Dawe ali ndi timbatata take pansi, mukangodula masamba mawa lake wamera, nde amafunika kumufukula ndi timbatata tomwe n'kukataya kutali. Simungamumalize yense, koma mukamuchepetsa kapinga akakhwima amamupanikiza.

Mbewu yokadzala musagule njere zam'mapaketi, mudzangotaya ndalama, ndipo njere zimafuna kuthirira mosamala komwe ambirife sitingakwanitse. Tengani mitsitsi ya kapinga yemwe akukula kale m'dera lanu lomwelo, chifukwa ameneyo wazolowera kale nyengo yanu. Amapezeka m'mbali mwa misewu, m'mphepete mwa dambo chakumtunda, pa bwalo la mpira, pomwe panali khola lakale. Pemphani kwa eni malo, ndipo potenga musamasende malo onse, tengani kamzere n'kusiya kamzere kuti pabwererenso. Kapinga amene tikufuna pabwalo ndi wamasamba ang'onoang'ono osongoka uja, wokwawa pansi, amene ngala zake zimatuluka zitatambasuka ngati phazi la nkhuku. Alipo wina wofanana naye koma wamkulu, wa mitsitsi yokhuthala yotalika, amafika m'mawondo, ameneyo ndi wabwino kudyetsa ng'ombe ndi kutseka zigwembe koma pabwalo adzakutopetsani ndi kutchetcha.

Palinso kikuyu, yemwe kwawo ndi ku mapiri a kum'mawa kwa Africa monga ku Kenya. Masamba ake ndi otambalala obiriwira mowala, mitsitsi yonenepa, akagwira amapanga chiphasa chokhuthala chofewa kuponda. Kumtunda kozizira ngati Dedza boma, Bembeke ndi Tsangano amachita bwino ndipo amapirira kuzizira kuposa kapinga wathu wamasamba ang'ono, koma amafuna dothi lachonde ndi chinyezi chochulukirapo, komanso ndi wolanda malo kwambiri. Kumunsi kotentha, ku Golomoti, Mtakataka, Sharpevale, m'chigwa cha Bwanje monse, musalimbane naye, dzalani wamasamba ang'ono yemweyo ndi amene amakonda kutentha. Ine olo kumtunda kuno, ngati pakhomo palibe madzi othirira chilimwe, ndimalimbikitsabe wamasamba ang'ono.

Mukafukula ikani m'thumba lonyowa kapena muwilibala n'kuphimba, muike pamthunzi, ndipo mudzale tsiku lomwelo kapena mawa lake. Mitsitsi ikagona padzuwa masana onse theka lake lafa. Musanadzale khalani pansi muisankhe, muchotse dawe ndi udzu wina womwe wabwera nawo, anthu ambiri amadumpha apa kenako n'kumadabwa kuti dawe wachokera kuti. Simufunikira wambiri, kapinga wofukulidwa pa malo a mita imodzi mbali zonse mukamung'amba bwino amakwana malo okulirapo kakhumi.

Nthawi yodzala ndi pomwe mvula yakhazikika, osati mvula yoyamba ya chizimalupsa ija. Kwa ife ndi kuyambira pakati pa Disembala mpaka Januwale yense. Ndikudziwa ndi nthawi yomwe aliyense ali kumunda kupalira ndi kuthira feteleza, koma ntchitoyi mutha kumaigwira madzulo pang'onopang'ono, lero chigawo ichi mawa icho, ana akuthandizani. Mukafika Malichi musanadzale ingodikirani chaka chamawa pokhapokha ngati muli ndi madzi, chifukwa mvula ikatha mu Epulo kuzizira kumalowa msanga ndipo mizu imakhala isanatsike.

Kadzalidwe kake nkosavuta. Ndi ngodya ya khasu lembani timigula tosazama, masentimita 5 basi, motalikirana masentimita 30, ndipo tikhale topingasa chitunda, osati totsata komwe madzi amalowera. Dulani mitsitsi ija zidutswa zotalika ngati chikhatho ndi theka, chilichonse chikhale ndi mfundo zitatu kapena kuposa. Zigonekeni m'kamgula motalikirana masentimita 15 mpaka 20, kwirirani mbali yaikulu koma nsonga ya masamba izioneka kunja, mukakwirira yonse ina imaola. Mukatero pondani ndi phazi mwamphamvu ndithu kuti mfundo zigwirane ndi dothi. Kupondaku musakuchepetse, mtsitsi womwe uli lende m'dothi lofewa umauma olo mvula ikugwa. Pamalo potsetsereka kapena pomwe madzi amadutsa fupikitsani mizere ifike masentimita 15, kapena dulani kapinga ndi dothi lake lomwe zigamba zazikulu ngati njerwa n'kuziyala mogundana, mukhomere ndi tizikhomo ta mitengo kuti zisakokoloke. Dzalani madzulo kapena tsiku la mitambo. Ngati tsikulo mvula siigwa thirirani ndi kheni yokhala ndi chisefa kukamwa, osakhuthula ndi ndowa. Pamwamba mutha kuwaza udzu wouma wopanda njere mopyapyala kwambiri, dothi lizionekabe, umathandiza kuti madontho a mvula asafukule.

Sabata zitatu zoyambirira ndi pomwe pagona nkhani. Pansi pasaume. Zaka zino mvula siyodalirika, tonse tikukumbukira ng'amba ya El Niño ya 2024 mmene Febuluwale anaumira, nde ikadula masiku atatu kapena anayi muli mutangodzala, thirirani madzulo olo pang'ono, mpomwe mgolo wa madzi a denga uja umagwira ntchito. Masamba oyamba aja akafota musataye mtima, kandani pang'ono muone mfundo, ngati yatulutsa timizu toyera zili bwino. Nkhuku ndiye mdani wamkulu pa nthawi imeneyi, dothi lofewa lamanyowa kwa izo ndi phwando, zimapalasa mzere wonse m'mawa umodzi. Yalani nthambi za minga kapena nthambi zouma zilizonse pamwamba mpaka kapinga agwire. Nkhumba ngati zilipo zisayandikire n'komwe. Anthu nawonso apatseni podutsa, ikani miyala yafulati kapena njerwa kuchoka pakhomo kupita ku khitchini, ku bafa, ku chimbudzi ndi ku geti, muzitsata momwe anthu amayendera kale chifukwa munthu sangazungulire usiku akupita kuchimbudzi. Njira yopondedwa tsiku lililonse kapinga sakhalapo olo atakhwima bwanji.

Pakatha mwezi muona mitsitsi yayamba kuyanga kulowera pakati pa mizere. Apa zulani udzu wina ndi manja, khasu lisalowenso chifukwa mudula mitsitsi yomwe ikuyenda. Mtsitsi womwe walowera kolakwika utembenuzeni uloze pomwe pali dazi, muike kadothi pa mfundo. Pomwe pafa bwezerani pompo mvula idakalipo. Ngati dothi munalikonza bwino ndipo mvula ikugwa, pa miyezi iwiri kapena itatu pansi pamakhala patatsekeka, pa katondo wosauka zimatha kutenga nyengo ziwiri, musadandaule.

Kutchetcha koyamba chitani akafika masentimita 7 mpaka 9, mumutsitse afike 5 kapena 6. Anthu amaopa kutchetcha kapinga wamng'ono kuti afa, koma kutchetchako ndi komwe kumamupangitsa kuti aziyanga cham'mbali m'malo motalika. Chikwakwa chikhale chonola, chobuntha chimazula mitsitsi yomwe sinagwiritse. Lamulo lake ndi lakuti musadule kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake nthawi imodzi, nde nyengo ya mvula zikutanthauza kutchetcha pafupifupi sabata ziwiri zilizonse. Mukamusiya afike m'mawondo kenako n'kumumeta mpaka pansi, mumatsala ndi zitsotso zofiirira zobaya ndipo dzuwa limamuotcha. Zotchetcha zikakhala zochepa zisiyeni pomwepo ziolerane, ndi manyowa amenewo. Zikachuluka patsani mbuzi, akalulu kapena ng'ombe. Koma chonde musakaziponye pa dzenje la kompositi wopita kumunda ngati muli mitsitsi kapena ngala zokhwima, njira imeneyi ndi yomwe kapinga amalowera m'dimba mwini wake atamunyamula yekha pamutu. Ziyanikeni kaye ziume kotheratu.

Za feteleza, mitengo yake tonse tikuidziwa, sindingauze munthu kuti achotse wa chimanga akathire pa udzu. Manyowa osefa owazidwa mopyapyala kamodzi pachaka kumayambiriro kwa mvula ndi okwanira. Koma ngati watsalako pansi pa thumba ndipo kapinga akuoneka wachikasu mvula ili mkati, kadzanja kamodzi ka urea pa malo a mamita 2 mbali zonse nkokwanira, muwaze mofanana mvula ikugwa kapena itatsala pang'ono, apo ayi thirirani pompo. Urea ali ndi nayitirojeni 46 pa 100 aliyense, ndi wamphamvu, mukaunjika pamodzi kapena kuthira padzuwa pouma mudzaona zigamba zopsa. Chilimwe musathire n'komwe.

Tsopano nyengo yomwe anthu ambiri amagwa nayo ulesi. Mvula ikatha, chakumapeto kwa Epulo tchetchani komaliza koma musiye wotalikirapo, masentimita 6 kapena 7, udzu umenewo ndi womwe uziteteza pansi ku dzuwa ndi mphepo mpaka Novembala. Juni ndi Julayi kuno kumazizira zenizeni, kutentha kukatsika pansi pa madigiri 10 kapinga amasiya kukula, ndipo malo ena am'madambo chisanu chikagwa amapsa masamba usiku umodzi. Akafika Sepitembala ndi Okutobala amakhala wofiirira ngati wafa. Sanafe. Musamufukule, musamusese mwamphamvu ndi tsache lolimba, masamba a mitengo ogwera pamenepo muzichotsa ndi leki mopepuka. Ndipo musamuotche abale anga. Ena amati kuotcha kumapangitsa kuti aphuke bwino, zoona amaphuka chifukwa mitsitsi yapansi imapulumuka, koma mwatentha chophimba chonse chomwe chikanalandira mvula yoyamba yamphamvu ija, ndiye kuti dothi mwalivulanso pa nthawi yomwe limakokoloka kwambiri, osanenanso za ngozi ya moto pafupi ndi nkhokwe ndi madenga a udzu. Anyamata osaka mbewa auzeni moto wawo uthere kutali, ndipo ngati bwalo lagundana ndi tchire lambulani mpata.

Ngati mukufuna kachigawo kobiriwira pafupi ndi khonde chilimwe chonse, sankhani kamalo kakang'ono komwe mungakwanitse, osati bwalo lonse, madzi a pa mjigo ndi ovuta kale amayi ndi atsikana asamasenze madzi chifukwa cha udzu. Madzi osamba, otsukulutsira zovala ndi otsukira mbale opanda mafuta ambiri amakwana. Muzisinthasintha pothira sopo asaunjikane malo amodzi, ndipo madzi a bulichi kapena amchere musathirepo. Kuthirira kwabwino ndi kothira ambiri kamodzi pa sabata kuti alowe pansi, kuwaza pang'onopang'ono tsiku lililonse kumapangitsa mizu kukhala pamwamba nde mukadzasiya amauma msanga.

Chilimwe ndi nthawinso yomwe ziweto zimatayiriridwa anthu akakolola. Mbuzi kudyako pang'ono kapinga wokhwima si vuto, zimakuthandizani kutchetcha ndipo zimasiya manyowa. Vuto ndi kumangirira mbuzi pa chikhomo chimodzi masiku ambiri, imadya mpaka dothi n'kupondaponda pamatsala bwalo lozungulira lopanda kanthu. Chaka choyamba yesetsani ndithu kutchinga, olo ndi mpanda wa mapesi kapena minga.

Nkhani ya njoka ndiyenera kuiyankha chifukwa agogo athu akamakana udzu pakhomo chifukwa chawo chachikulu ndi chimenechi, ndipo sakulakwa, bwalo loseseredwa limaonetsa mkukuluzi wa njoka m'mawa. Koma njoka imabisala mu udzu wautali, m'milu ya njerwa, ya nkhuni ndi ya zinyalala komwe kuli mbewa ndi achule. Pa kapinga wotchetchedwa wa masentimita 5 imaonekera patali. Udzudzu nawo umaswana m'madzi odikha, ndipo bwalo la kapinga limamwa madzi kusiyana ndi zithaphwi za pa bwalo louma. Nde yankho kwa agogo ndi lakuti chikwakwa chizigwira ntchito, ngati mukudziwa kuti pakhomo palibe wotchetcha dzalani malo ochepa omwe mungawasamale.

Tizilombo sitivuta kwenikweni. Chiswe chimadya udzu wouma chilimwe n'kusiya zigamba, kawirikawiri zimatsekeka zokha mvula ikabwera, chofunika ndi kuyang'anira mpata wa m'mbali mwa khoma uja. Zaka zina ntchemberezandonda zimagwa nyengo ya mvula ndipo zimakonda udzu wanthete, zimatha kumeta bwalo lonse masiku ochepa, kapinga amaphukanso koma mukaziona dziwitsani alangizi msanga chifukwa zikatero ulendo wake ndi wa ku chimanga. Mfuko akatutumula dothi ingosalazani n'kuponda.

Chaka chilichonse mvula ikayamba pali tintchito tingapo. Pomwe pagwirana kwambiri chifukwa chopondedwa bayani ndi foloko yolimira kapena chitsulo chosongoka kuti madzi azilowa, wazani manyowa, dazi lililonse ligauleni pang'ono n'kudzalapo mitsitsi yochoka m'mbali. Kapinga akakalamba pansi pake pamaunjikana zouma zambiri mpaka madzi osalowa, zikokeni ndi leki yachitsulo. Kenako yendani m'malire monse ndi khasu, ndipo izi muzichita mwezi uliwonse mpaka mvula ithe, mtsitsi uliwonse wodumpha njerwa udulidwe usanamere mizu, mufukulenso pang'ono kuseri kwa njerwa muone ngati woyera wapansi uja sanadutse.

Akapezeka kuti walowa kale m'dimba, musalimbane naye ndi kupalira wamba nthawi ya mvula, mukamuduladula ndi khasu ndiye kuti mukumudzala. Ena amapopera Roundup, mankhwala ophera udzu aja, amagwira pokhapokha kapinga ali wobiriwira akukula, kawirikawiri amafunika kubwereza, ndipo amapha mbewu iliyonse yomwe wakhudza, nde pafupi ndi masamba odya ine sindimulimbikitsa. Dikirani Sepitembala kapena Okutobala, gaulani mozama ndi foloko kapena khasu, kutumulani dothi, tolani mitsitsi yonse ndi manja mpaka toyera tating'ono tomwe, muiyanike pa malata kapena pa mwala pomwe singakhudze dothi. Siyani malowo otembenuzidwa dzuwa liwaombe sabata ziwiri, gaulaninso mutole zotsala, ndipo mvula yoyamba ikagwa bwererani mukazule tomwe taphuka tisanayange.